Ng'ona ya mwana wanga: mmene tapangira kagalimoto ka Pinewood Derby kuyambira pa thabwa

Lachiwiri, 12 Disembala

Mfana wabwera kuchokera ku msonkhano wa Cub Scouts, ma Scout a ana ang'onoang'ono, atanyamula kabokosi, akuti Adadi tikupanga galimoto ya mpikisano. Ali mu gulu la Wolf, ndiye kuti ana a giredi 2 a kuno. Ndaganiza zomalemba zonse chifukwa ana a Amalawi anzanga kuno ku South Bend ku America ayamba kulowa zimenezi, ndiye wina asadzavutike ngati ine.

M'kabokosimo muli kathabwa ka paini kotalika mainchi 7, timatayala 4 tapulasitiki, misomali 4 ndi kapepala ka malamulo. Basi. Injini palibe, batire palibe. Kagalimotoko amakaika pamwamba pa njanji yotsetsereka, n'kuchotsa kachitsulo kotchinga kutsogolo, kenako kamatsika kokha ndi kulemera kwake. Zinayamba mu 1953 ku Manhattan Beach ku California, bambo wina dzina lake Don Murphy mwana wake anali wamng'ono kuti alowe nawo Soap Box Derby, ija ana amachita kukweramo, ndiye anamupangira mpikisano wa timagalimoto tapamanja.

Malamulo ofunika ndi awa: kasapitirire maaunsi 5, omwe ndi magalamu 141.7, kutalika mainchi 7, mulifupi pamodzi ndi matayala mainchi 2¾, ndipo pansi pakhale mpata wa 3/8 ya inchi chifukwa kamayenda katatangadza kathabwa kotukuka ka pakati pa njanji. Mafuta amadzi saloleza, ufa wa graphite wokha, zija za mkati mwa pensulo. Pack yathu, ndiye kuti gulu lonse la ma Cub Scouts a dera lathu, yawonjezera kuti matayala onse 4 azigunda pansi. Pack iliyonse imakhala ndi tina take, werengani pepala lanu osati la mnzanu.

Ine kuona zimenezi ndinaseka. Munthu wokulira ku Ndirande, galimoto za mawaya ndapinda zosawerengeka, zokhala ndi chiwongolero chofika m'chiuno, matayala a zitini za polishi, malegeni mbali zonse, ndiye kathabwa kobwera kale ndi matayala ake kangandiopse? Ndinawauza amake kuti chikho chikubwera pakhomo pano. Anangoti tiona.

Ndalama: palibe, kabokosi kagawidwa ndi pack.

Loweruka, 16 Disembala

Ndawononga thabwa.

Dzulo usiku mwana atagona ndinalowa mu galaja ndi sowo yanga yapamanja, ndimafuna m'mawa akadzuka apeze chinthu chosongoka ngati mkondo. Chogwirira thabwa ndilibe ndiye ndinaliponda ndi bondo pa mpando, sowo inayamba bwinobwino mbali imene ndimaonayo koma kuseri inali ikupita kwina, pomwe ndimatembenuza n'kuti italowa kale mu kampata kodutsa msomali wakumbuyo, ndipo nditati ndiwongole ndi mpeni kachidutswa konse ka pakona kanangothyoka. Paini uyu ndi wofewa kwambiri, sakhululuka.

M'mawa mfana walira, koma sikuti amalirira thabwa. Anali atajambula kale galimoto yake papepala n'kubisa mu chikwama cha kusukulu kuti adzandionetse Loweruka. Ng'ona yobiriwira ya mano. Ine sindinamufunse n'komwe.

Amake anandiyang'ana kaye kenako akuti, "Kodi wa Scout pakhomo pano ndi ndani, inu kapena mwanayu? Mawaya anu a ku Ndirandewo ankakupindirani ndi bambo anu?" Ndinasowa choyankha chifukwa zoona zake bambo anga sanagwirepo galimoto yanga, iwo mbali yawo inali kundithamangitsa akapeza waya wa pampanda wasowa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndi ineyo lero.

Kabokosi kena: $7. Lakalelo musataye, matayala ndi misomali yake zidzakupulumutsani, muona kutsogoloku.

Lachitatu, 27 Disembala

Bambo wina wa mu den yathu, kagulu ka ana a giredi imodzi mu pack, ali ndi sowo yamagetsi kwake ndipo anaitana ana atatu tsiku limodzi. Uyu ndi mwana wake wachitatu kupanga Derby ndiye zinthu akuzidziwa. Mfana anajambula yekha ng'ona yake m'mbali mwa thabwa ndi pensulo, yopyapyala kutsogolo, yonenepa pang'ono kumbuyo, mkuluyo n'kudula motsatira mzere womwewo ngakhale unali wokhotakhota. Anati ng'ona ndi shepu yabwino kale chifukwa ndi yafulati.

Zinthu ziwiri zimene anandiuza ndipo ine usiku uja ndinaziphonya zonse. Choyamba, timipata ta misomali tiwiri tija sitili mofanana, kamodzi kali pafupi ndi kumapeto kwa thabwa kuposa kanzake, ndipo koyandikira kumapetoko kakhale kumbuyo kuti zolemera zidzakhale kumbuyo kwenikweni galimoto osadzuka kutsogolo. Chachiwiri, mphuno isasongoke. Ikhale yafulati pang'ono kuti itsamire bwino pa kachitsulo koyambira, komanso kuti kamaso ka kumapeto kwa njanji kaione msanga. Mkondo wanga uja ukanakhala wovuta pa zonsezi.

Chachitatu anati tibowoleretu mabowo a zolemera thabwa lisanapentedwe. Ine ndinati ayi bwana, tidzamata makobidi pansi, osawononga ndalama. Anangomwetulira. Sungani mawu amenewa.

Kupala ndi sandipepa ndamusiyira mwini wake, nambala 100 kenako 220, madzulo atatu akuonera makatuni. Msana wa ng'ona watsala ndi timabampu, manja anga amayabwa kuti ndisalaze koma amake amangotsokomola ali kukhitchini.

Sandipepa: $5.

Loweruka, 6 Januwale

Lero misomali, ndipo apa ndi pamene ndazindikira kuti liwiro lonse lagona pa tinthu tosaoneka. Tengani msomali wa m'kabokosi muuyang'ane pa kuwala, kunsi kwa mutu wake kuli timapiko tiwiri tachitsulo totsalira ku fakitale, ndipo pa thunthu pake pali timizere totukuka. Tayala limazungulira pomwepo, ndiye mukangokhoma mmene wabwereramo ndi chimodzimodzi kuyendetsa njinga mabuleki atagwira.

Tinamanga msomali mu drill ngati kuti ndi kobowolera, mutu uli kunja. Mfana amakanikiza batani, ine ndimagwira tupa yaing'ono kunsi kwa mutu mpaka timapiko tithe. Kenako sandipepa wonyowetsa woduladula timizere, 400, 800, 1500, 2000, aliyense masekondi owerengeka, apa tinasinthana iye kugwira pepala ine drill. Pomaliza tinapukuta ndi kolugeti pa kansalu, msomali n'kumawala ngati supuni yatsopano.

Woyamba ndinauwononga. Ndinakanikiza tupa kwambiri mpaka ndinakumba khosi, unaonda moti tayala limagwedera ngati dzino la nkhalamba. Wachiwiri sindinamange bwino, unatuluka mu drill n'kuuluka, mpaka pano sitinaupeze mu galajamo, ndiye magalasi oteteza maso musawaone ngati zachizungu, mwana avale. Mwayi wake tinali ndi misomali 8 chifukwa cha thabwa ndinawononga lija. Tupa ingokhudza, osadula.

Tupa $6, sandipepa wonyowetsa $8, kolugeti wa m'bafa.

Lachinayi, 11 Januwale

Penti wopopera wobiriwira, $7. Tapopera mu galaja.

Lamulungu, 14 Januwale

Masiku atatu penti sanaume. Kunja kukuzizira moti mphuno imauma mkati, galaja yathu ilibe hita, ndipo pa chitini analemba kale kuti osapopera pozizira koma ndani amawerenga chitini. Ndinapoperanso wambiri nthawi imodzi kuti tithane nazo, ndiye wayenderera m'mbali ngati phala. Mfana anakagwira kuti aone ngati wauma, chala chake chadinda pamutu pa ng'ona ngati wavota.

Ndinalowetsa m'nyumba kuti aumire m'bafa, nyumba yonse fungo, amake anatsegula mawindo kuzizira konseku n'kundiuza kuti bilu ya gasi mwezi uno ndi ya Derby. Atauma tinapalanso ndi 220 mpaka thabwa kuoneka, n'kugula timabotolo ta penti wamadzi wa ana asukulu uja, wobiriwira, woyera ndi wakuda, $5 onse. Wapaka yekha ndi burashi pa tebulo lodyera, kopyapyala katatu, kulikonse kumauma pasanathe ola. Mano wajambula 14 mbali imodzi, 9 mbali inayo. Ndikanayambira pamenepa. Timipata ta misomali tsekani ndi tepi musanapente, penti akalowamo msomali sulowa.

Loweruka, 20 Januwale

Kulemera. Gawo ili ndi limene landidyera ndalama komanso ulemu.

Ndinabwereka sikelo ya amake yoyezera ufa wa makeke. Ng'ona pamodzi ndi matayala ndi misomali: magalamu 64. Ndiye kuti tikufunika ena 77 kuti tifike pa malire, ndipo muyenera kufika pa malire, galimoto yopepuka imafooka ikangofika pa gawo lafulati la njanji. Pulani yanga ya makobidi ija: nickel imodzi, kobidi ya masenti 5 ya kuno, ndi magalamu 5 ndendende, ndiye 15 zikwana. Ndinazisanja pansi pa ng'ona ndi tepi, milu iwiriiwiri itatuitatu, kuika pa tebulo, mpata wa pansi uja wa 3/8 watheratu. Ikanakhula njanji kuyambira pamwamba mpaka pansi, bola akanailola n'komwe. Kuziika pamsana mfana anakana kuti ng'ona yake si banki.

Mnzanga wina wa kwathu amene amakonda kukawedza ku Lake Michigan anati achimwene bwerani mudzatenge mtovu wa mbedza ndili nawo wambiri. Ndinathokoza koma ayi, mtovu ndi poizoni ndipo uyu ndi mwana woti chilichonse chimathera mkamwa. Ndinagonja n'kukagula chitsulo cholemera chotchedwa tungsten, timiyala tozungulira ngati zidutswa za choko, kalikonse theka la aunsi, pafupifupi magalamu 14. Ndi yolemera kuposa mtovu pafupifupi kamodzi ndi theka n'kupitirira, ndiye kanthu kakang'ono kamakwana. Mtengo wake ndiye wopweteka, $19 paketi ya 6.

Musanabowole yesani kaye ndi tepi. Ine poganiza kuti kumbuyo ndi kumbuyo basi ndinamata tonse 5 kumchira kwenikweni, kungokhudza mchira ndi chala mutu wa ng'ona unadzuka. Yotereyi pa njanji imavina uku ndi uku mwinanso kudumpha. Njira yake ndi kuikhazika chopingasa pa m'mphepete mwa rula n'kuona pamene yakhazikika osagwera mbali, malo amenewo akhale pafupifupi inchi imodzi kutsogolo kwa msomali wakumbuyo. Tinasunthasuntha mpaka zinakhala 2 kuseri kwa msomali, 3 kutsogolo kwake.

Ndiye kubowola thabwa lopentedwa kale, zimene mkulu uja anandiletsa. Mabowo awiri kuchokera m'mbali, kobowolera kokulirapo pang'ono kuposa 3/8, $4. Loyamba linayenda bwino. Lachiwiri ndinapitiriza mpaka kutulukira mbali inayo ndipo potuluka linang'amba thabwa ndi penti yemwe, chibowo chonyansa pa nthiti ya ng'ona. Mfana sanalire ulendo uno, anangoti Adadi mwayambanso. Tinatseka ndi phala lomatira matabwa limene linatsala pokonza chitseko, iye n'kupenta pamwamba, pamene pang'ambikapo wajambulapo chipsera chofiira kuti ng'onayi inamenyana ndi mvuu. Mukamabowola mangani tepi pa kobowolera kuti mudziwe polekezera.

Kuyeza: 135. Kamwala ka tungsten kotsala kaja kakanapitiriza malire, ndiye nickel imodzi wailola pamsana, wapenta yakuda. 140, ndi guluu 141. Ndinayesa sikelo ija ndi ma nickel 20 inawerenga 100, ndinati tili bho.

Lachiwiri, 23 Januwale

Kuika matayala. Hamala ibiseni. Msomali woyamba ndinamenya kawiri ndinamva kuti tswa, kampata kayamba kung'aluka, ndinasiya pomwepo n'kudontheza guluu wa matabwa. Enawo tinachita kukankha, kugoneka galimoto chammbali mutu wa msomali uli pa tebulo n'kukanikiza thupi lake pang'onopang'ono ndi manja awiri. Pakati pa tayala ndi thabwa lowetsani khadi la kubanki kuti patsale kampata, likathina silizungulira, likatayana limagwedera.

Kuti misomali isatuluke ndinadontheza super glue pansi pa kampata, $3. Guluu ameneyu amayenda ngati madzi, anatsata msomali mpaka mu tayala lakumbuyo kumanzere, mphindi imodzi tayala gwa. Kuzula ndi pulayala, tayala kutaya, msomali kupalanso, kutenga tayala lina ku kabokosi koyamba kaja. Kachiwiri ndinagwiritsa guluu woyera wa kusukulu, kadontho kamodzi pakati penipeni kutali ndi tayala, ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Kuyesa tinachotsa shelefu yaitali mu kabati n'kuitsamiritsa pa mabuku awiri. Ng'ona imathawira kumanzere, isanathe mita imodzi yagwa kale m'mbali. Ena amachita dala kuti galimoto izikhotera pang'ono n'kumatsamira njanji ndi tayala limodzi, ena amakweza tayala limodzi lakutsogolo kuti iziyenda ndi atatu, koma ife malamulo akuti onse 4 pansi ndipo kukhota kwathuku kunali kwa munthu woledzera osati kwa dala. Msomali wakutsogolo kumanja unalowa chopendama. Tinauzula guluu asanagwiritse, kuutembenuza pang'ono, kuyesa, kutembenuzanso, kasanu konse, mpaka inayamba kutsika shelefu yonse itangopatuka ngati chala chimodzi. Apa mfana ndi amene anali ndi maso, amagona pansi n'kumandiuza kuti iyayi Adadi bwezani pang'ono.

Graphite $5, kachubu kakang'ono. Ndi zomwe zija za mkati mwa pensulo koma zaufa. Kuthira pakati pa tayala ndi msomali mbali zonse, kuzunguza ndi chala, kuthiranso. Lisanathiridwe tayala limaima pa masekondi 6 kapena 7, titathira n'kuzunguza kwa mphindi zingapo limafika 20. Chitirani panja kapena pa nyuzipepala. Ife tinachitira pa kapeti wa pabalaza ndipo nkhani imeneyo sinathe mpaka lero.

Lachisanu, 26 Januwale

Usiku woyeza, mu holo ya tchalitchi imene pack imakumanira. Amaika galimoto mu kabokosi koyezera kutalika ndi mulifupi, kuyendetsa pa kachidutswa ka njanji kuona mpata wa pansi, kenako sikelo. Yathu: maaunsi 5.03. Ndinayamba kufotokoza za ma nickel 20 aja, mayi woyezayo anandimvetsera mwaulemu n'kundiuza kuti sikelo yovomerezeka ndi iyi ili apayi. Ya amake ija imawerenga magalamu athunthu okhaokha ndiye 141 yake itha kukhala 141 ndi zambiri, kuwonjeza guluu ndi penti wa chipsera.

Pakona panali tebulo la drill ndi guluu, azibambo asanu tili pamzere nkhope zofanana. Tinabowola timabowo tiwiri tosaya pansi chakutsogolo, kuyeza, 5.01, kamodzinso, 5.00. Bola kuchoka kunyumba muli pa 139 ndi tizitsulo tapadera m'thumba, kuwonjezera pamalopo n'kosavuta kusiyana ndi kuchotsa. Graphite womaliza thirani musanapereke chifukwa akalandira amamata nambala n'kuitsekera, simuigwiranso mpaka mawa.

Pa tebulo losungira ndinaona magalimoto ena owala ngati a mu shoo rumu, oti mwana wa zaka 7 sanayandikeko n'komwe. Sindinanene kanthu, pa 16 Disembala ndinali m'gulu lomwelo, kungoti ine luso linandikana.

Loweruka, 27 Januwale

Njanji ya aluminiyamu ya mizere 4, kumapeto kuli kamakina kowerenga nthawi kolumikiza ku kompyuta, zotsatira zikuoneka pakhoma. Galimoto iliyonse imathamanga kanayi, kamodzi mu mzere uliwonse kuti wina asadandaule kuti mzere wake unali woipa, kenako amaphatikiza nthawi. Mpikisano umodzi ndi masekondi atatu ndi kanthu. Masabata 6 a utuchi, penti ndi kukangana, masekondi atatu.

Ulendo woyamba ng'ona yachitatu. Wachiwiri yachiwiri. Wachitatu inatsika bwino koma pa fulati ndinaiona ikugwedeza mchira, yomaliza, ndikukayikira msomali wa kampata kong'aluka kaja. Wachinayi inawina, ndipo kukuwa kumene anakuwa mfana anthu anacheuka, ine ndemwe ndinapezeka ndaimirira ndikuti pita ng'ona pita m'Chichewa holo yonse ya azungu.

Mu Wolf munali magalimoto 9, ife nambala 4. Chikho chimathera pa 3. Amene anatiposa pa nambala 3 ndi kamtsikana kamene thabwa lake sikanadule n'komwe, chikhalireni cha makona anayi ngati buledi, kolembalemba ndi maka, koma matayala ake amazungulira ngati sadzaima. Imodzi mwa zowala zija tayala linathothoka pakati pa njanji, bambo ake ndi amene anaoneka ofuna kulira, mwana ali kalikiliki ndi pizza.

Zonse pamodzi ndawononga $69, ndipo mukaphatikiza kabokosi kachiwiri, penti wopopera ndi super glue, $17 ndi ya kusamva kwanga. Tupa, kobowolera, graphite ndi kamwala kamodzi ka tungsten zatsala za chaka chamawa, wina wa kuno akafuna abwere adzabwereke. Chaka chamawa akhala Bear, kumene amayamba kuphunzitsidwa kugwira mpeni, ndiye akuti adzasema yekha. Mabowo tidzabowola tsiku loyamba.

Pobwerera mu galimoto wandifunsa ngati za mawaya zija zimathamanga kuposa ng'ona. Ndinati zimathamanga mmene mwini wake akuthamangira, ulibe miyendo ulibe liwiro. Akuti akufuna yake ya chiwongolero chipale chikasungunuka. Waya wa pampanda kuno kulibe, ndiye tayamba kusonkhanitsa mahang'ala achitsulo, tili ndi 6 tabisa kuseri kwa matayala mu galaja. Amake madzulo ano amafunsa kuti malaya awo a kutchalitchi apezeka bwanji pa bedi.